Kuphunzira Kulemba Masewero a pa Kanema Kudzera pa Intaneti

Mawu oyamba

M'mutu uno tiona momwe sewero la pa kanema limalembedwera ndi momwe munthu angaphunzirire lusoli ku koleji kudzera pa intaneti. Mfundo yoti muigwire ndi iyi: mlembi wa filimu amalemba zokhazo zomwe maso angaone ndi zomwe makutu angamve. Yemwe sadamvetse mfundoyi, ngakhale atalandira satifiketi, amangolemba nkhani yaifupi yovala chovala cha sewero.

Kusiyana kwake ndi zolemba zina

Mlembi wa nkhani yaitali ali ndi ufulu wolowa mumtima mwa mtengambali n'kutiuza maganizo ake. Mlembi wa sewero la pa wailesi amadalira mawu ndi phokoso basi, pomwe wa chisudzo cha pabwalo amadalira kwambiri zokambirana za atengambali. Mlembi wa filimu amadalira zithunzi. Iye sangalembe kuti, "Nabanda adada nkhawa chifukwa mnyumba mudalibe ufa," poti kamera singajambule chifukwa. Onani momwe angalembere:

MKATI. KHITCHINI YA NABANDA. MADZULO.

Madzi akuwira mumphika. NABANDA, mayi wa zaka 40, akugwedeza thumba la ufa pa lichero. Pakugwa ufa wosakwana chikho. CHIKONDI, mwana wa zaka 8, akusuzumira pakhomo.

CHIKONDI
Amayi, nsima ipsa nthawi yanji?

NABANDA
Kasewere kaye, mwanangu.

Nabanda akuphula mphika uja n'kuzima moto.

Palibe pomwe patchulidwa njala kapena nkhawa, koma woonera wazimva zonse ziwiri.

Chitsanzo china ndi nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu. Buku lake lotchedwa The Boy Who Harnessed the Wind, lomwe adalemba ndi Bryan Mealer, lidatuluka mu 2009 ndipo William amasimba yekha zomwe zidamuchitikira. Chiwetel Ejiofor atalisandutsa filimu, yomwe idatuluka mu 2019, njala ya mu 2001 ndi 2002 adaionetsa ndi zochitika: anthu kulimbirana chimanga, banja kudya kamodzi patsiku.

Kayalidwe ka sewero

Kunja kwa kulemba ndi zithunzi, wophunzira amaphunzitsidwa malamulo awa:

1. Chochitika chilichonse chimayamba ndi mzere wotchula ngati kamera ili mkati kapena panja, malo ake ndi nthawi. M'Chingerezi amalemba mwachidule kuti INT. kapena EXT.
2. Zochita za atengambali zimalembedwa m'nthawi yatsopano, ngati zikuchitika pompano.
3. Dzina la woyankhula limalembedwa m'malembo aakulu, mawu ake n'kukhala pansi pa dzinalo.
4. Zilembo zake ndi za mtundu wa Courier, za msinkhu wa 12. Sewero likalembedwa motere, tsamba limodzi limatenga pafupifupi mphindi imodzi pa kanema. N'chifukwa chake sewero la filimu yaitali kawirikawiri limakhala ndi masamba 90 mpaka 120.

Malamulowa si okometsera tsamba ayi. Wotsogolera filimu, wojambula ndi wosunga chuma amawerengera pomwepo masiku ojambula, malo ofunika ndi ndalama zomwe zidzalowe.

Pa za tsatanetsatane wa nkhani, aphunzitsi ambiri amatsata maganizo a Syd Field wa ku America, yemwe adatulutsa buku lotchedwa Screenplay mu 1979. Iye adagawa filimu patatu. Gawo loyamba limatidziwitsa mtengambali wamkulu ndi chomwe akufuna. Gawo lachiwiri, lomwe limatenga theka la filimu yonse, ndi la mikangano ndi zopinga. Gawo lachitatu ndi la pampondachimera ndi mathero. Izitu si zachilendo kwa inu: n'zomwe mumafufuza posanthula nkhani ndi zisudzo za Chichewa m'kalasi.

Momwe maphunziro a pa intaneti amayendera

Kuyambira cha m'ma 2012, mayunivesite ambiri adayamba kuika maphunziro awo pa intaneti kuti aliyense awapeze. Coursera idakhazikitsidwa chaka chimenecho ndi aphunzitsi awiri a ku Stanford University, ndipo FutureLearn, yomwe idayambitsidwa ndi Open University ya ku Britain, idatsegula maphunziro ake mu 2013. Michigan State University idaika pa Coursera kosi yolemba gawo loyamba la sewero la pa wailesi yakanema, pomwe University of East Anglia idaika pa FutureLearn kosi ya oyamba kumene kulemba masewero a filimu.

M'maphunziro otere wophunzira amaonera mphunzitsi pa vidiyo, amawerenga masewero a akatswiri, kenako amalemba ntchito yake n'kuitumiza. Kawirikawiri amayamba ndi kufotokoza nkhani yonse m'chiganizo chimodzi, kenako chidule chake, ndondomeko ya zochitika, ndipo pomaliza sewero lenilenilo. M'makosi a anthu ambiri, ntchito imawerengedwa ndi ophunzira anzake. M'makosi a digiri, mphunzitsi ndiye amachonga.

Ubwino ndi zovuta zake

Ubwino wake ndi woti munthu amaphunzira ali kwawo, pa nthawi yomwe iye wapeza mpata. Amamvanso ndemanga za anthu osamudziwa, omwe samukometsera monga achitira abale ndi abwenzi.

Zovuta zilipo. Intaneti imadya ndalama, ndipo satifiketi nthawi zambiri ndi yolipira. Popeza palibe belu kapena mphunzitsi wokuyang'anira, ambiri amasiyira panjira. Chinanso, maphunzirowa amakhala m'Chingerezi ndipo zitsanzo zake zambiri ndi za ku America ndi ku Ulaya. Wophunzira wosasamala amatha kulemba mwana wa ku Dowa akuyankha bambo ake ngati mwana wa ku New York. Tengani malamulo a kayalidwe, koma kayankhulidwe ka atengambali mukamvere kumsika, kumjigo ndi pabwalo la milandu.

Pomaliza, kumbukirani kuti sewero labwino limabadwa pa kulembanso. Mutu umodzi susenza denga: perekani ntchito yanu kwa ena, mverani zomwe sadamvetse, ndipo fafanizani mawu alionse omwe chithunzi chikadanena chokha.

Mafunso

1. Fotokozani kusiyana kuwiri kwa sewero la pa wailesi ndi la pa kanema.
2. N'chifukwa chiyani mlembi wa filimu sangalembe maganizo a mtengambali?
3. Tchulani magawo atatu a filimu malinga ndi Syd Field.
4. Sankhani ndime imodzi m'nkhani yaifupi yomwe mudawerenga m'kalasi. Ilembeninso ngati chochitika cha filimu cha tsamba limodzi, popanda mawu ofotokoza za mumtima.