Alendo 82,300 pakhomo: zomwe Drumcondra yandiphunzitsa za kunyanja

Tsiku la fainolo ya All-Ireland kuno ku Drumcondra sufunsa kuti kwagwanji. Sitima zimakhuthula anthu pasiteshoni ngati linthumbu, aliyense atavala jezi ya kwawo, ulendo wa ku Croke Park, bwalo lolowa anthu 82,300. Apolisi amatseka timisewu tina. Eni mabala ndi ogulitsa zipewa amangosekerera, koma mayi wokankha mwana pakangolo amaima pakona, kusowa podutsa.

Anthu akuno saiwala za 2014. Woimba wa ku America, Garth Brooks, amayenera kuimba masiku asanu otsatizana m'mwezi wa July, ndipo matikiti pafupifupi 400,000 anali atagulidwa kale. Chonsecho mu May chaka chomwecho gulu la One Direction linali litaimba kale masiku atatu pabwalo lomweli. Ena mwa okhala mozungulira anati ayi, zakwana. Khonsolo ya mzinda wa Dublin inaloleza masiku atatu okha, mkuluyo anati asanu kapena osabwera n'komwe, mapeto ake zonse zinalephereka. Mahotela, mataxi ndi malo odyera anangoti kukamwa yasa. Anadzaimba masiku asanuwo mu September 2022, patadutsa zaka zisanu ndi zitatu.

Ine ndimaona kuti cholakwika chinali ndondomeko: matikiti anayamba kugulitsidwa chilolezo chisanatuluke, ndipo mawu a anthu apakhomo anamveka mochedwa. Apa m'pamene pamabwera njira imene azungu amaitchula kuti design thinking, imene inatchuka kudzera ku kampani ya IDEO ndi yunivesite ya Stanford ku California. Dzina lisakuopseni. Umayamba wakhala pansi ndi anthu amene chinthucho chidzawakhudze, n'kuona mmene amakhalira tsiku ndi tsiku. Ukatero umatchula vuto lenileni, umayesa kanthu kakang'ono kotchipa, n'kuona pomwe kakuphonya, n'kukonza, n'kuyesanso. Simenti imabwera kumapeto.

Ndikulemba izi chifukwa ambirife tili ndi maloto ofanana. Kaya muli ku Joni, ku Leeds kapena konkuno, mwamvapo mnzanu akuti, "Ndikangosunga pang'ono ndikamanga kaloji kunyanja." Inenso ndili m'gulu lomwelo, musandione chonchi. Pulani ndinajambulitsa kale, zipinda zinayi zoyang'ana kumadzi, mpanda mpaka kugombe. Nditaiyang'ananso bwino ndinazindikira kuti papepalapo pali mlendo yekha. Palibe msodzi, palibe mayi wodzachapa, palibe mwana wodzasamba.

Taonani za ku Cape Maclear. Paki ya Lake Malawi inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaiika pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse, makamaka chifukwa cha nsomba za mbuna. Koma mudzi wa Chembe unalipo kale, ndipo uli pomwepo mpaka lero, paki itauzungulira. Gombe lomwe mzungu amagonapo kuothera dzuwa ndi lomwenso amayi amatsukirapo mbale, asodzi amakocheza mabwato ndi kuyanika usipa. Madzi apafupi ndi gombe la paki saloledwa kuphamo nsomba. Ndiye wobwera ndi ndalama zakunja akamanga mpanda osafunsa, watseka njira ya anthu amene malo awo ndi opanikizika kale. Mawa akadandaula kuti anyamata ogulitsa ziboliboli akuvutitsa alendo ake, ndani angamumvere chisoni?

Mafunso oyenera kuyamba nawo si a mtundu wa penti. Madzi a m'zimbudzi apita kuti, poti nyanja yomweyo anthu amatungamo? Mabotolo apulasitiki atayidwa kuti? Nkhuni zophikira alendo zichokera m'phiri la paki kodi? Tomato ndi chambo tigula kwa ndani, pamtengo wanji? Ndipo miyezi ya dzinja alendo akachepa, antchito adya chiyani?

Ku Majete, komwe bungwe la African Parks linayamba kuyang'anira mu 2003, sanangobweretsa njovu ndi zipembere basi. Anagwiranso ntchito ndi midzi yozungulira pa zinthu ngati ulimi wa njuchi, podziwa kuti mpanda wa waya pawokha suletsa munthu wanjala kutchera msampha. Nako ku Croke Park kuno kuli thumba la ndalama lothandizira magulu a m'dera lozungulira bwaloli. Sikuti madandaulo anatheratu ayi, koma pali poyambira kukambirana.

Ndiye pulani yanga ija ndaiika kaye m'kabati. Sabata yatha ndinaimbira alamu anga pa WhatsApp, n'kuwapempha kuti akakhale pagombe paja masiku asanu ndi awiri ndi kope, azilemba amene akudutsa, nthawi yanji, atanyamula chiyani, komanso pomwe mabwato amakocheza kukachita mwera. Akatha apo tikaonane ndi amfumu ndi komiti ya asodzi, kenako tiyese matenti awiri nyengo imodzi tisanagule njerwa ngakhale imodzi.

Alamuwo anaseka kwambiri. "Alamu, ndalama zonse mukutumizazi mukufuna ndizikawerenga anthu ochapa?" Ndinati eya, ndipo kopelo mugule lalikulu. Ayamba Lolemba.