Mafoni akafa, wailesi zawo zimayankhulabe

Pa 26 December 2004, chivomerezi cha pansi pa nyanja chidautsa mafunde oopsa omwe adasesa zilumba za Andaman ku India. Magetsi adazima, mafoni adaduka.

Mwamwayi, mumzinda wa Port Blair mudali mayi Bharathi Prasad ndi anzawo, omwe adapitako kukacheza ndi anthu a maiko ena pa wailesi zoyankhulirana. Tsikulo macheza adasanduka ntchito. Kwa masiku angapo iwo ndiwo ankatumiza mauthenga a opulumuka kwa abale awo kumtunda.

Anthu oterewa, omwe pachingerezi amatchedwa radio hams, ali pafupifupi m'dziko lililonse. Salandira malipiro, ndipo aliyense amakhala ndi chiphaso komanso nambala yomuitanira. Nambala za ku Malawi zimayamba ndi 7Q, za ku Zambia 9J, pomwe za ku Mozambique zimayamba ndi C9.

Ambiri amakumana pa wailesi pa ola lomwe adapangana, msonkhano womwe amautcha net. Mmodzi amakhala ngati wapampando, kuitana anzake mmodzimmodzi kuti anene momwe akumvera. Nkhani zake n'zapakhomo, monga za nyengo ndi mbalame zomwe zatera pabwalo, koma apa ndi pomwe amaphunzirira kuperekana uthenga mosalimbirana.

Nanga mawu amawoloka bwanji nyanja popanda nsanja za mafoni? Kumwamba kuli mpweya womwe umapatsidwa mphamvu ndi dzuwa, ndipo umabweza mafunde a wailesi kuti akagwere kutali. Masana mafunde a mamita 20 ndiwo amayenda bwino, pomwe a mamita 80 amadikira usiku. M'dzinja, mphezi zimadzaza wailesi ndi phokoso.

Nalo dzuwa lili ndi nyengo zake. Ukali wake umakwera n'kutsika pa zaka pafupifupi 11 zilizonse. Mu October 2024, bungwe la NASA lidalengeza kuti ukaliwu udali utafika pachimake, nthawi yomwe ngakhale kawailesi kochepa mphamvu kamatha kumveka tsidya la nyanja. Komabe dzuwa likalusa kwambiri, monga mu May chaka chomwecho, mawu amazimirira kwa maola.

Kuno kwathu, namondwe wa Freddy mu March 2023 adagumula milatho ndi kuzimitsa magetsi m'chigawo cha kummwera. Pa tsiku lotere, wailesiyi imangofuna batire la galimoto, waya womangirira pamtengo, ndi munthu woti adaizolowera mvula isadagwe.