Njira za pa Phiri la Mulanje

Munthu wa ku Northmead kapena ku Kabwata akaturuka m'nyumba saona phiri, pakuti mzinda wa Lusaka unamangidwa pa dziko lathyathyathya. Cifukwa cace ambiri ayesa kuti cobvuta ca phiri ndi citunda cokha. Si tero ai.

Taonani phiri la Mulanje ku Malawi, limene nsonga yace, Sapitwa, italika mamita 3,002. Njira zambiri ziyambira pa Likhubula. Ina, yochedwa Skyline, ikwera ku Chambe, ndipo munthu wamphamvu afikako pa maora atatu kapena anai. Pamwamba pali tinyumba togonamo alendo. Ofuna Sapitwa agona ku Chisepo nalawirira mbandakuca.

Koma mdani weniweni ndiye ciperoni. M'miyezi yozizira mphepo yocokera ku nyanja yaikuru ya kum'mawa ibwera ndi nkhungu ndi mvula yowaza, ndipo dzina lace licokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique. Nkhunguyo itsika mwadzidzidzi. Kufupi ndi Sapitwa njira ipita pa matanthwe, pamene phazi silisiya cizindikiro. Tsono woyenda saona kumene wacokera kapena kumene apita, ndipo usiku umpeza atanyowa. M'caka ca 2009 mlendo wa ku Brazil anasiya womperekeza nakwera yekha. Anampeza patapita pafupi masabata atatu, atafa ndi cisanu.

Operekeza odziwa njira zonsezi apezeka pa Likhubula pomwepo, ndipo malipiro ao apanganiratu ulendo usanayambe.