Mpweya womanga mpeni pa makina osema zitsulo

Chigayo chikaima pa Thuchila chifukwa shafti yadyeka pamene pamakhala kiyi wa pule, mwini wake amakwera minibasi ya mseu wa Midima kupita nayo ku Limbe. Kumeneko mpata wa kiyiwo amakausema pa milling machine, makina amene mpeni wake umazungulira n'kumadya chitsulo chomangidwa patebulo. Makina amene ndimagwiritsa ntchito ine ndi otengera Bridgeport, mtundu umene unayamba kupangidwa ku America mu 1938.

Chotopetsa pa makinawa n'kusintha mpeni. Mpeniwo umagwidwa ndi koleti ya R8, ndipo koletiyo imakokedwa ndi bauti lalitali lotchedwa drawbar, lodutsa m'kati mwa spindle, shafti yozungulitsa mpeni, mpaka kutulukira pamwamba pa mutu wa makina. Munthu umanyanyamphira, dzanja lina pa buleki, lina pa sipanala, kenaka n'kugogoda ndi hamala kuti koleti itaye. Dzuwa likamapendeka phewa limakhala litauma. Choopsa kwambiri n'kuiwala sipanala pamwambapo n'kuyatsa makina, chifukwa imauluka ndipo ikhoza kuvulaza mnzako.

Ntchito yonseyi mpweya umaitha, ndipo chipangizo chake wowotcherera aliyense wa dzanja labwino angachipange. Mtima wake ndi impact wrench yaing'ono ya mpweya, ya 3/8 inchi, yovekedwa soketi ya 3/4 inchi yokwana pamutu pa bautilo. Pamafunika mbale ziwiri zachitsulo. Yapansi imamangidwa pamutu pa makina, yapamwamba imanyamula wrench ija n'kumatsetsereka pa ndodo ziwiri zokhala ndi masipuling'i. Ukakankha valavu, kasilinda ka mpweya kamatsitsa mbale yapamwamba, soketi imavala bauti, n'kumanga kapena kumasula. Ukasiya, masipuling'i amaibwezera m'mwamba. Kompresa yopopera matayala ija ikwanira, bola izifika 6 bar.

Pamene ndimalimbikira kwambiri ndi apa: mpweya sumva kuti bauti lalimba. Mazinga ake ndi aang'ono, 20 pa inchi imodzi pa bauti la 7/16 inchi, ndipo ukawapatsa mphamvu yonse amaphwasuka, nthawi zina n'kuononga koleti yomwe. Ikanipo regulator muchepetse mpweya womangira, ndipo muzingogunda valavu pang'ono. Koleti muziilowetsa ndi dzanja mpaka mpata wake ukumane ndi kapini ka m'kati mwa spindle, apo ayi kapiniko kadzaduka.

Soketi nayo ilunjike ndendende pa bauti. Ine ndimayamba ndaivalika pabautipo, kenaka n'kulemba poboola mbale yapansi, osati kuyeza ndi maso. Musanagunde valavu, zimitsani makina ndi kukweza spindle mpaka pamwamba, popeza ikakhala pansi soketi siifika pamutu pa bauti. M'mawa uliwonse donthezani oyilo pang'ono polowera mpweya, ndipo madzi a m'thanki ya kompresa muziwakhetsa, makamaka kuno kufupi ndi phiri la Mulanje kumene chinyezi sichisowa.