Mphamvu za Wolamulira ndi Malire Ake: Za ku Nkhamanga, m'Boma la Rumphi

Ufumu wa Chikulamayembe, womwe likulu lake lili ku Bolero m'boma la Rumphi, sunayambe ndi mkondo. Mbiri ya Atumbuka imati chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700, Mlowoka ndi anzake anaoloka nyanja ya Malawi kudzagula minyanga ya njovu. Atafika m'chigwa cha Nkhamanga anapeza mabanja odzilamulira okha, lililonse ndi mkulu wake. Iye sanawalande malo kapena mipando. Anawapatsa makasu, nsalu ndi mikanda, anakwatira m'mabanja awo, ndipo akuluakulu aja anapitiriza kugawa minda ndi kuweruza milandu ya anthu awo. Chikulamayembe Gonapamuhanya, yemwe amakumbukiridwa chaka ndi chaka pa mwambo wa ku Bolero, anakhala pampando wozikidwa pa mgwirizano wotero.

Nzeru ya mgwirizanowu inali yakuti mfumu yodalira chivomerezo cha anzake imayenera kufunsa isanagamule. Akatswiri a mbiri amatsutsana pa kukula kwenikweni kwa ufumuwu, ndipo Angoni a M'mbelwa atabwera unagwa. Komabe anthu sanauiwale, mpaka unabwezeretsedwa mu 1907, Chilongozi Gondwe atalongedwa.

Funso la malire a wolamulira linabukanso ndi mwana wina wa m'bomali. Chakufwa Chihana, wa ku Mhuju, anamangidwa pa 6 Epulo 1992 atangotsika ndege ku Lilongwe, chifukwa chofuna ndale za zipani zambiri pa nthawi yomwe Dr. Banda anali pulezidenti wamuyaya. Pa referendamu ya pa 14 Juni 1993 Amalawi anakana ulamuliro wa chipani chimodzi.

Malamulo aakulu a dziko a mu 1994 anaika mfundoyi polembedwa. Gawo 12 limanena kuti mphamvu zonse za boma zimachokera kwa anthu, ndipo wozigwiritsa ntchito wangosungitsidwa. Pulezidenti amaloledwa kulamulira matemu awiri otsatizana a zaka 5, makhoti ndi oima paokha, ndipo misonkho imavomerezedwa ndi Nyumba ya Malamulo.

Chomvetsa chisoni nchakuti malire amenewa amayesedwa ngakhale ndi omwe anawamenyera. Mu Julaye 2002 bilu yochotsa malire a matemu a pulezidenti inabwera ndi phungu wa AFORD, chipani cha Chihana yemweyo, mu ulamuliro wa Bakili Muluzi. Mipingo ndi mabungwe anaikana poyera, ndipo m'Nyumba ya Malamulo inalephera kupeza mavoti okwana magawo awiri mwa atatu.