Mutu 9: Mtolo wa Maluwa ndi Munthu Amene Amaumanga

M'matauni aang'ono a ku America ndi ku Britain, pamsewu waukulu pamene pali banki, positi ofesi ndi sitolo ya mankhwala, kawirikawiri pamapezekanso kasitolo ka maluwa. Ukangotsegula chitseko umalandiridwa ndi fungo la masamba onyowa. Pansi pali ndowa za madzi zodzaza maluwa, kumbuyo kuli filiji ya chitseko chagalasi, ndipo patebulo pali mpeni, sizasi ndi timakadi tolembapo uthenga. Ogula olowa m'sitolomo ndi ochepa, ntchito yambiri imabwera pafoni ndi pa intaneti. Mwana amene ali kumzinda wakutali akufuna kuti mayi ake, amene angotuluka kumene m'chipatala, alandire maluwa owala lero lomwe. Kwathu kuno maluwa timawadziwa kwambiri paukwati ndi pa nkhata za pamanda, koma kumeneko ndi mphatso wamba, monga momwe ife timanyamulira nthochi kapena chigubu cha thobwa pokazonda wodwala. Mutu uno ukutsindika mfundo imodzi. Kukoma kwa mtolo wotere kuli m'manja mwa munthu wa m'tauniyo amene amasankha maluwa, kuwamanga ndi kukagogoda pakhomo, ndipo wofuna kuti mphatso yake ikasangalatse ayenera kulankhula ndi munthu ameneyo.

Mbiri ya malondawa imachitira umboni mfundoyi. Duwa lodulidwa silichedwa kufota, choncho kale kunali kovuta kulikweza sitima masiku angapo n'kukafika lili bwino. Nzeru inapezeka ku Berlin mu 1908, pamene Max Hübner anasonkhanitsa ogulitsa maluwa anzake m'bungwe limene pambuyo pake linadzatchedwa Fleurop. Mu 1910 ogulitsa maluwa a ku America, motsogozedwa ndi John Valentine wa ku Denver, anakumana ku Rochester m'boma la New York n'kukhazikitsa bungwe la FTD. Ganizo lawo linali lakuti uthenga ndiwo uziyenda, maluwa azikhala. Wogula ankalipira pa sitolo ya kwawo, mwini sitolo n'kutumiza telegalamu kwa mnzake wa m'tauni ya wolandira, ndipo mnzakeyo ankamanga mtolo ndi maluwa a m'ndowa zake n'kukaupereka. Mu 1946 mabungwe a ku America, Britain ndi Ulaya anagwirizana pansi pa dzina la Interflora. Kuyambira pachiyambi pomwe, dongosololi linkavomereza kuti mwini ntchito ndi wogulitsa wapafupi. Bungwe la pakati linali ngati lamya chabe, ndiponso mkhalapakati woonetsetsa kuti ndalama zafika kwa wozigwirira ntchito.

Zinthu zinasintha pamene nambala za foni zaulere, kenako intaneti, zinabweretsa makampani amene alibe ndowa ngakhale imodzi ya maluwa. Ntchito yawo ndi kutolera maoda basi. Amalipira kuti dzina lawo lizionekera pamwamba munthu akafufuza sitolo ya maluwa ya tauni inayake, amalandira ndalama, kenako amaponyera odayo kwa wogulitsa weniweni wa m'tauniyo. Ku America kagawidwe kozolowereka n'kakuti wolandira oda amatsala ndi 20 pa 100 iliyonse, bungwe lodutsitsa uthenga limatenga pafupifupi 7, ndipo womanga mtolo amalandira 73 yotsalayo. Tiyerekeze kuti munthu wasankha mtolo wa madola 60. Madola 12 atsala kwa wotolera oda, madola 4 ndi masenti 20 apita kwa wodutsitsa uthenga, ndipo kusitolo kwafika madola 43 ndi masenti 80. Pa ndalama imeneyi mwini sitolo achotsepo mafuta a galimoto, vazi ndi malipiro a wantchito, ndiye zotsalazo agulire maluwa. Pamwamba pa madola 60 aja, wogula amakhala walipiranso ndalama ina yotchedwa ya ntchito, imene kawirikawiri sifika n'komwe kusitolo. Ena mwa makampaniwa anafika podzilembetsa m'mabuku a foni ndi mayina omveka ngati a m'tauni momwemo, mpaka bungwe la boma loteteza ogula la Federal Trade Commission linachenjeza anthu, ndipo maboma angapo a m'dzikomo anaika malamulo oletsa chinyengochi. Mtolo ukafika wochepa kuposa wa pachithunzi, nthawi zambiri palibe amene waba duwa. Ndalama ndiyo inathera m'njira.

Chifukwa chachiwiri chodalirira wogulitsa wapafupi chili mu ulendo wa duwalo. Maluwa ambiri ogulitsidwa ku America, pafupifupi 80 pa 100, amachokera kunja, makamaka ku Colombia ndi Ecuador, ndipo ochuluka amatsikira pabwalo la ndege la Miami. Ulimi wa ku Colombia unakula kutsatira kafukufuku wa David Cheever, wophunzira wa pa Colorado State University, amene mu 1967 anaonetsa kuti chigwa chokwera cha pafupi ndi Bogotá chili ndi dzuwa ndi kuzizira koyenera chaka chonse. Lamulo la zamalonda la mu 1991 litachotsa msonkho pa maluwa a m'maiko a m'mapiri a Andes, minda yambiri ya ku America komweko inalephera kupikisana nawo. A ku Britain ndi Ulaya amadalira kwambiri minda ya m'mbali mwa nyanja ya Naivasha ku Kenya ndi ya ku Ethiopia, ndipo Zambia ndi Zimbabwe nawonso akhala akutumiza marozi kumisika yomweyo. Ambiri amadutsira ku Aalsmeer m'dziko la Netherlands, kumsika kumene mtengo umayambira pamwamba n'kumatsika mpaka wina adine batani. Ulendo wonsewu duwa liyenera kukhala pamalo ozizira pafupifupi ngati madzi oundana, ndipo ola lililonse limene lakhala padzuwa pabwalo la ndege limadula moyo wake. Pofika m'tauni yaing'ono limakhala latha kale masiku angapo chidulidwireni. Ndani angadziwe kuti marozi ofika Lolemba anatopa m'njira pamene mpendadzuwa wofika Lachitatu ali gwa? Ndi yekhayo amene anatsegula katoni, kudula mapesi, kuthothola masamba a m'munsi ndi kuwamwetsa madzi. Chithunzi cha pa intaneti chinajambulidwa miyezi yapitayo, maluwa onse atatembenuzidwira ku kamera. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Nanga mtolo wosangalatsa ndi wotani? Kuti maluwa amakondweretsa mtima si nkhambakamwa chabe. Mu 2005 Jeannette Haviland-Jones wa pa Rutgers University ndi anzake anasindikiza kafukufuku amene anaperekera mphatso zosiyanasiyana kwa amayi 147 pakhomo pawo: ena maluwa, ena dengu la zipatso, ena kandulo. Onse amene analandira maluwa anamwetulira kumwetulira kwenikweni kofika m'maso, ndipo patapita masiku atatu ankanenabe kuti mitima yawo ili bwino. Tisabise kuti bungwe la ogulitsa maluwa linathandiza ndi ndalama pa kafukufukuyu, choncho tiziwerenga zotsatirazo mosamala. Komabe chimene anayeza chinali nkhope ya munthu pa mphindi imene chitseko chatseguka, ndipo pa mphindi imeneyo wolandira sadziwa chithunzi chimene wotumiza anasankha. Amangoona mtundu, kuchuluka ndi kutsitsimuka kwa maluwawo. Amisiri a maluwa akafuna chisangalalo amatenga achikasu, olanje ndi pinki: mpendadzuwa, alstroemeria amene amatha kukhala milungu iwiri m'vazi, ndi gerbera, duwa lobadwira kuno kum'mwera kwa Africa, limene Robert Jameson analitola pafupi ndi Barberton m'zaka za m'ma 1880. Mmisiri akauzidwa kuti mayi wa zaka 70 wachira ndipo amakonda chikasu, amasankha zabwino koposa za tsikulo. Akamangidwa manja ndi chithunzi, amakakamizika kufunafuna duwa limene mwina nyengo yake yapita.

Palinso chidziwitso chimene kompyuta ya kumzinda ilibe. M'tauni yaing'ono woyendetsa galimoto ya maluwa amadziwa kuti nyumba ya pafamu ilibe nambala pageti, kuti kukagwa chipale msewu wakumtunda sudutsika, ndiponso kuti gogo wa pakona samva kugogoda ndipo makiyi amasunga ndi mnansi wake. Mwini sitolo amadziwa mawodi a chipatala amene salola maluwa, monga zimakhalira m'zipatala zambiri za ku Britain ndi m'zipinda za odwala mwakayakaya. Amadziwa kufunsa ngati panyumbapo pali mphaka, chifukwa maluwa a lily ndi poizoni kwa amphaka ndipo amaononga impso zawo. Mtolo wosiyidwa pakhonde padzuwa kwa maola atatu ndi ndalama yotayika, ngakhale ukanakhala wa maluwa odula chotani.

Wina angatsutse kuti makampani akuluakulu ndi osavuta: umaoda pakati pa usiku, umalipira ndi khadi, ndipo zikalakwika pali ofesi yokadandaulako. Mfundoyi ili ndi mphamvu, makamaka kwa amene akutumiza kuchokera kunja, monga Mmalawi wa ku Johannesburg amene mlongo wake akugwira ntchito yosamalira okalamba m'katauni ka ku England. Koma masitolo ambiri aang'ono tsopano ali ndi masamba awoawo a pa intaneti ndipo amalandira makhadi omwewo. Ponena za madandaulo, kampani ya pakati imatha kubweza ndalama, koma siingabweze tsiku lobadwa limene ladutsa. Mwini sitolo ya m'tauni amakumana ndi wolandira maluwa kutchalitchi ndi kumsika, ndipo akalakwitsa amatha kutumiza mtolo wina madzulo omwewo chifukwa mbiri yake ndiyo mpamba wake. Ukulu wa kampani nawonso si chitetezo, pakuti FTD yomweyo inapita kukhoti mu 2019 italephera kubweza ngongole. Wina anganene za maluwa obwera m'katoni kudzera kwa onyamula katundu, monga a Bloom & Wild a ku Britain amene anayamba mu 2013 ndipo katoni yawo imalowa pa kabowo ka makalata. Njirayi ndi yabwino kumene kulibe sitolo ya maluwa, ndipo nthawi zina ndi yotsika mtengo. Koma maluwawo amafika asanamasule, ndipo wolandira ayenera kudula mapesi, kupeza vazi ndi kuwakonza yekha. Kwa wodwala kapena wokalamba, imeneyo ndi ntchito imene wapatsidwa pa tsiku limene amafunika kupumula.

Kutsutsa kozama kwambiri n'kwakuti bwanji kuonongera ndalama pa chinthu chofota m'sabata imodzi, chimene chakweranso ndege makilomita masauzande. Pa nkhani ya chilengedwe, yankho silili monga ambiri amaganizira. Kafukufuku wa pa Cranfield University mu 2007 anapeza kuti marozi a ku Kenya, ngakhale atakwera ndege, ankatulutsa mpweya woipa wochepa kuposa olimidwa m'nyumba zagalasi zotenthetsedwa ku Netherlands. Mafunso a madzi a ku Naivasha ndi malipiro a ogwira ntchito m'minda ndi enieni, koma nawonso amatibwezera kwa wogulitsa wapafupi, chifukwa ndiye angayankhe kumene maluwa achokera, ndipo m'nyengo yotentha amatha kugula kwa alimi a m'deralo. Ponena za kufota, nsima imene timaphikira mlendo nayonso imatha tsiku lomwelo, koma palibe amene amati yaonongeka. Ntchito ya mtolo ndi kuimira munthu amene walephera kufika yekha, ndipo imagwirika pakhomo pomwepo ndi m'masiku amene maluwawo ali patebulo. Masikuwo amachuluka wolandira akamasintha madzi, kudulako mapesi ndi kuika vazi kutali ndi dzuwa komanso kutali ndi nthochi zakupsa, zimene zimatulutsa mpweya wofotetsa maluwa.

Choncho pofuna kutumiza maluwa ku tauni yaing'ono, yambani mwapeza sitolo imene ili ndi adilesi yeniyeni ya m'tauniyo, ndipo muione pamapu. Imbani foni n'kufunsa msewu umene ali komanso maluwa amene afika sabata ino. Wotolera maoda amazengereza pa mafunso awiriwa, pamene mwini ndowa amayankha osaganiza. Safunsa anadya phula. Nenani ndalama imene muli nayo, mufunse ngati mtengo wokaperekera uli momwemo, mufotokoze za wolandirayo ndi chifukwa cha mphatsoyo, mupereke nambala yake ya foni, ndipo mawu a pakhadi muwatchule bwinobwino, makamaka ngati ali m'Chichewa. Pa masiku otanganidwa monga 14 February odani kudakali masiku angapo. Mukatero msiyeni mmisiri agwire ntchito yake. Ndalama yanu yonse ikathera pa maluwa ndi pa manja owamanga, ndipo wokondedwa wanu akatsegula chitseko adzalandira mtolo wokwanira mtengo umene munalipira.