Kupeka Maina a Mafumu a m'Sewero: Phunziro Lochokera ku Chiweta

Munthu woyenda pa msewu wa M1 kuchokera ku Mzuzu, akadutsa chigwa cha Henga, amafika pamene msewu umayamba kutsika phiri mokhotakhota, nyanja ya Malaŵi ili kuonekera m'munsi. Patsinde pa chitunda chimenechi ndiye pa Chiweta, m'boma la Rumphi, malo odziwika ndi akasupe a madzi otentha. Apaulendo ambiri amangoimapo pang'ono ndi kupitirira. Koma mlembi wa nthano kapena wa masewero a pa wailesi akadakhala pansi pamenepa ndi kufunsa maina a mafumu a dera lozungulira, akadapeza yankho la vuto limene limasautsa alembi ambiri.

Vutolo ndi ili. Sewero lonena za makedzana limafuna mfumu, ndipo mfumuyo imafuna dzina. Mlembi wina amatenga dzina la mfumu yeniyeni n'kulipereka kwa munthu wankhanza kapena wopusa wa m'sewero lake. Pamenepo walakwira banja lachifumu limene lilipo mpaka lero pamodzi ndi anthu ake onse, pakuti wailesi imamveka m'mudzi uliwonse, ndipo mawu akatuluka sabwezeka. Mlembi winanso, poopa mlandu wotere, amangolumikiza timawu tomveka mochititsa mantha koma topanda tanthauzo. Omvera amazindikira msanga kuti dzinalo ndi chikopa chopanda nyama, ndipo sakhulupiriranso nkhani yonse. Njira yopewera maenje awiriwa ndiyo kuphunzira momwe maina enieni a mafumu adabadwira, kenaka n'kupeka latsopano potsata njira yomweyo.

Phunziro loyamba likuchokera pa nyanja imene ikuoneka pa Chiweta. Akuluakulu a ku Rumphi amasimba kuti chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700 kudabwera amalonda kuchokera kutsidya la kum'mawa, ndipo adakocheza chakufupi ndi Chilumba, kumpoto kwa Chiweta. Iwo ankafuna minyanga ya njovu, ndipo ankapereka nsalu, mikanda ndi makasu. Mtsogoleri wawo ankatchedwa Mlowoka, kutanthauza munthu amene adawoloka, ndipo gulu lonselo limatchedwa Balowoka. Dzinali silikongola ndi kalikonse kapadera. Langonena chimene munthuyo adachita pamaso pa eni dziko. Akale adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo kalumo ka Mlowoka kadali malonda. Iye adakhazikika ku Nkhamanga, nakwatira m'mabanja a eni nthaka, ndipo m'banja lake mudatuluka ufumu wa Chikulamayembe, umene likulu lake lili ku Bolero.

Dzina la Chikulamayembe nalonso lili ndi nkhani yake. M'Chitumbuka mayembe ndi makasu, ndipo ambiri amalimasulira dzinali kuti lidachokera ku mawu a Chiswahili onena za kutenga kapena kunyamula makasu. Motero aliyense wotchula dzinali amakumbutsa anthu za katundu amene adamanga ufumuwo, ngakhale iye mwini asakudziwa. Woyamba kukhala pa mpandowo amakumbukiridwa ndi dzina la Gonapamuhanya, kutanthauza wogona padzuwa, ndipo mwambo umene Atumbuka amachita ku Bolero chaka ndi chaka umatchedwa ndi dzina lomweli. Apa mlembi aone kuti dzina la mfumu kawirikawiri limakhala chiganizo chachifupi: mneni ndi dzina la chinthu zalumikizana, monga kugona ndi dzuwa, kunyamula ndi makasu. Asanapeke dzina, ayambe wadzifunsa chimene kholo la ufumu wa m'sewero lake lidachita kuti anthu aligonjere. Ngati lidabwera ndi mchere m'dziko losowa mchere, dzina longa Mgawamchere lidzamveka loona. Ngati lidalamulira madooko, Chitsekamadooko lingakhale bwino. Maina awiriwa ndi opeka, koma khutu la womvera limawalandira chifukwa amangidwa monga momwe makolo ankamangira.

Phunziro lachiwiri ndi la malo. Kummwera kwa Chiweta, m'mbali mwa nyanja, kuli Mlowe, ndipo mfumu ya kumeneko ndi Mwamlowe. Kumtunda, m'chigwa cha Henga, kuli Mwahenga. M'chigawo chapakati muli Mwase wa ku Kasungu, amene anthu amangoti Mwase Kasungu. Dzina la mfumu ndi dzina la dziko zimayendera limodzi, chifukwa ufumu ndi nthaka ndi anthu okhalapo. Ndiponso kamvekedwe ka dzina kamaulula kwawo kwa mwini wake. Maina oyamba ndi Mwa- ndi ochuluka kumpoto, makamaka pakati pa Angonde a ku Karonga, kumene mfumu yaikulu ndi Kyungu. Mlembi akaika dzina lotere pa mfumu ya m'chigwa cha Shire, omvera a ku Nsanje adzadabwa, ndipo a ku Karonga adzaseka. Choncho dziko la m'sewero, lingakhale lopeka, liyenera kukhala ndi mapiri, mitsinje ndi chilankhulo chimodzi chodziwika, ndipo maina onse atuluke m'menemo.

Phunziro lachitatu ndi lakuti mfumu simakhala ndi dzina limodzi. Pali dzina la paubwana, pali mfunda kapena chiwongo, pali dzina la mpando, ndiponso pali mawu aulemu oitanira. A Chikulamayembe ndi a Gondwe, ndipo ulemu wawo ndi Themba la Mathemba, kutanthauza mfumu ya mafumu, chimodzimodzi ndi Inkosi ya Makosi pakati pa Angoni. A M'mbelwa a ku Mzimba ndi a Jere, pamene a Gomani a ku Ntcheu ndi a Maseko. Pakati pa Achewa, Kalonga ndi wa mtundu wa Phiri; mayi wa ufumuwo amatchedwa Nyangu, ndipo mkazi wamkulu wa Kalonga, wochokera kwa a Banda, ankatchedwa Mwali. Dzina la Kalonga limagwirizana ndi kulonga ufumu, ndipo la Gawa, limene likumveka m'dzina la Kalonga Gawa Undi wa ku Mkaika m'boma la Katete ku Zambia, limanena za kugawa dziko. Sewero labwino limagwiritsa ntchito maina onsewa pa nthawi yake. Nduna imatchula dzina la mpando itagwada, mlongo wa mfumu angatchule la paubwana ali awiri m'nyumba, ndipo mdani akalitchula pabwalo, omvera amadziwa okha kuti nkhondo yayandikira.

Zoterezi si za kuno kokha. Mu 1930 Ras Tafari Makonnen atalongedwa ufumu wa Ethiopia adadziwika ndi dzina la Haile Selassie, kutanthauza mphamvu ya Utatu. Mu 1936 kalonga wa ku Britain amene kwawo ankamutcha Albert adalowa ufumu ndi dzina la George VI, lomwe lidali la bambo wake, pofuna kukhazika mitima ya anthu pansi mkulu wake atatula ufumu. Kulikonse dzina la mpando limauza anthu kuti ufumu sudafe.

Phunziro lachinayi ndi la kulowa dzina. Mfumu ikamwalira, dzina silipita kumanda. Wolowa m'malo amalitenga pamodzi ndi ubale wonse wa womwalirayo. Koma njira yolowera imasiyana. Kwa Achewa ufumu umatsata kuchikazi, kotero kuti wolowa amakhala mbale wa mfumu wa bere limodzi kapena mwana wa mlongo wake. Kwa Angoni ndi kwa Atumbuka a ku Rumphi umatsata kuchimuna. Mlembi amene wapatsa mfumu yake mfunda wa Chichewa, kenaka n'kulongetsa mwana wake wamwamuna popanda mkangano uliwonse, wasokoneza mwambo, ndipo agogo omvera wailesi pakhonde adzamugwira bodza. Asamalenso ndi manambala. Kutchula kuti M'mbelwa V kapena Gomani V ndi chizolowezi chimene chidadza ndi zolembalemba. M'sewero la nthawi imene kudalibe sukulu, mafumu a mpando umodzi asiyanitsidwe ndi maina a ntchito zawo kapena a makhalidwe awo, monga momwe Gonapamuhanya amadziwikira.

Mbiri ya ku Rumphi ikuonetsanso kulemera kwa dzina. Angoni atafika kumpoto chapakati pa zaka za m'ma 1850, ufumu wa Chikulamayembe udapasuka, ndipo mpando udakhala wopanda munthu kwa nthawi yaitali. Koma dzina lidatsala m'kamwa mwa anthu, ndipo mu 1907 Chilongozi Gondwe adalongedwa kukhala Chikulamayembe, boma la atsamunda litavomereza. Pambuyo pake Saulos Nyirenda ndi mbusa T. Cullen Young wa mishoni ya Livingstonia, imene ili pamwamba pa phiri la Khondowe kufupi ndi Chiweta, adalemba mbiri ya Atumbuka ndi mafumu awo. Akatswiri ena a pambuyo, monga Leroy Vail, adatsutsa kuti mphamvu za ufumuwo zidali zazikulu monga zidalembedwera, nanena kuti zidali makamaka za malonda. Mkangano umenewu ukusonyeza kuti zolembedwa za mafumu zimakhudza malire, ulemu ndi udindo wa anthu amoyo. Ngati buku la mbiri lingautse nkhani chotere, sewero lomveka dziko lonse lingathe kuutsa yoposa.

N'chifukwa chake mlembi akapeka dzina asathamangire ku situdiyo. Ayambe walitchula mokweza kangapo, amve ngati wosewera angaliitane pabwalo osapunthwa lilime, pakuti pa wailesi dzina silioneka ndi maso, limangomveka. Kenaka afunse akuluakulu a m'dera limene nkhani yake ikufanana nalo ngati palibe mfumu, gulupu kapena nyakwawa ya dzina lomwelo, chifukwa midzi ndi yambiri ndipo dzina looneka latsopano lingapezeke kuti lili ndi mwini wake. Afufuzenso ngati silitanthauza chinthu chonyansa kapena choseketsa m'Chitumbuka, m'Chiyao, m'Chilomwe, m'Chisena kapena m'Chitonga, popeza omvera ali m'maboma onse. Pomaliza adziyese ndi funso limodzi: mwana wa m'sewerolo atafunsa agogo ake chifukwa chimene mfumu yawo imatchedwera choncho, kodi agogowo adzakhala ndi nkhani yosimba? Ku Chiweta, ku Bolero ndi ku Mlowe yankho la funso lotere lilipo pa dzina lililonse, ndipo mfumu yopeka iyeneranso kukhala nalo isanalankhule mawu ake oyamba.